Sewero la Yona Lisamathere pa Chinsomba

Achinyamata a m'mipingo ya kuno ku Chigwa cha Shire amaikonda nkhani ya Yona. Koma masewero awo, kaya ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, ali ndi nthenda imodzi: ambiri amathera pa chinsomba. Anyamata atatu afunda bulangete lakuda, akwawa n'kumeza mneneri, ana afa nacho chiseko. Akamulavula, iye agwada, kwaya iyimba za kumvera, basi zatha. Zimandiwawa, chifukwa buku la Yona lili ndi mavesi 48 ndipo nsombayo imatchulidwa m'mavesi atatu okha. Luso lake lonse mlembi analisungira mutu 4, umene osewera athu ambiri saufika n'komwe.

Pofika m'mutu umenewo mzinda wa Nineve walapa, Mulungu waleka kuuwononga, ndipo Yona wapsa mtima. Akuulula yekha kuti anathawira ku Tarisi chifukwa ankadziwa kuti Mulungu ndi wachifundo ndipo akhululukira Aasuri a ku Nineve, adani a mtundu wake. Ulendo wachiwiri, Mulungu atamutumanso ku Nineve, miyendo inamvera, mtima unatsala. Wosewera waluso amaonetsa zimenezi polalikira: anene mwachidule kuti kwatsala masiku 40 kuti mzinda uwonongedwe, nkhope ili gwaa, osayang'ana anthu, n'kuchoka. Athuwa akafika apa amalumpha, kutuluka thukuta, kukuwa mpaka mawu kusasa, ngati Yona ankafunitsitsa kuti anthuwo apulumuke. Sankafuna!

Ndiye pali msatsi uja umene Mulungu anameretsa kuti upatse Yona mthunzi. Palibe oonera m'Malawi muno amene angaumvetse kuposa a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu n'kumayenda posaka mthunzi. Safunika kuwafotokozera. Yona akhale pansi m'kachisakasa kake, maso ali kumzinda, kudikira moto. Wina abweretse nthambi yeniyeni ya msatsi, masamba ake otambalala aja, aiimike pamutu pake. Nkhope imasuke pang'onopang'ono, amwetulire koyamba m'sewero lonse. Kenako kamwana kakang'ono kakwawe ngati mbozi, kagwetse nthambiyo. Apa ng'oma ileke, wa kiyibodi achotse manja. Kwa mphindi yathunthu Yona azingodziphimba kumutu ndi malaya, kupuma movutikira. Oonera ayamba kumumvera chisoni, ndipo ndi pomwepo pamene funso la Mulungu limawalasa: munthu akulirira chomera chimene sanadzale, nanga Mulungu asamvere chifundo anthu opitirira 120,000 ndi ziweto zambirimbiri? Mlimi wa ng'ombe wa ku Ngabu akamva za ziwetozo amatchera khutu, pakuti ku Nineve nazonso zinasala kudya ndi kuvekedwa ziguduli.

Za zovala zonyezimira ndi mabwato a makatoni sindinenapo zambiri. Zimangodya ndalama za gulu.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi sewero limene limatembenuza Yona kukhala ndodo yokwapulira anthu ovutika. Chiyambire madzi osefukira a mu Januwale 2015, ndiponso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, ena amaika pakamwa pa mneneriyu mawu akuti madzi ndi chilango cha machimo athu. Kunena zimenezi pamaso pa mayi wa ku Makhanga amene anagona pamsasa miyezi, nyumba ndi mbuzi zitapita ndi madzi, ndi nkhanza. Ndi kusawerenganso. M'buku lonseli palibe munthu amene amafa: amalinyero apulumuka, Yona apulumuka, Nineve apulumuka. Wofunira anzake chiwonongeko ndi mneneri yekha, ndipo ndi iyeyo amene Mulungu akumudzudzula.

Bukuli limatha ndi funso, Yona osayankha. Gulu likafika pamenepa, otsogolera mwambo amaona ngati sewero laduka, ndiye amathamangira kutsogolo ndi maikolofoni kukalongosola phunziro lake, ena mpaka kumugwaditsa Yona kuti alape kachiwiri. Abusa ndi akulu ampingo, chonde auzeni akhale pansi. Kulapa kumeneko mlembi sanakulembe, ndipo gulu limene lakonzekera bwino mutu 4 silifunika womasulira.