Kodi "Seva" ndi "Kompyuta Yaikulu"?

Posachedwapa ndinaitanidwa ku ofesi ina ku Area 15 mumzinda wa Lilongwe kuti ndikaunike kabuku kamene anakamasulira m'Chicheŵa kothandiza ophunzira ntchito za kompyuta. Chicheŵa chake n'chosalala, ndipo womasulira anatsata bwino malamulo a kalembedwe a 1990. Komabe, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: liwu limodzi m'kabukumo linasocheretsa ophunzira tsiku lathunthu.

Tsamba lolakwikalo likufotokoza mmene munthu angatsekulire pulogalamu ya zithunzi imene ili pa kompyuta yakutali, kudzera m'njira yobisa uthenga yotchedwa SSH, imene Tatu Ylönen wa ku Finland anaiyambitsa mu 1995. Womasulira anatembenuza liwu lachingerezi loti server kukhala "kompyuta yaikulu". Motero malangizo akuti pulogalamu ikakana kuoneka n'kulemba kuti "Can't open display", muone ngati "kompyuta yaikulu ya X" ikugwira ntchito. Ophunzira anathamangira ku makina aakulu a m'chipinda chozizira, koma vuto silinali kumeneko.

Pantchito imeneyi pamakhala maseva aŵiri oyang'ana kosiyana. Seva ya SSH ili pa makina akutaliwo. Kumeneko n'kumene munthu amaona ngati mzere wa X11Forwarding walolezedwa ndiponso ngati pulogalamu ya xauth ilipo. Koma m'dongosolo la X Window System, limene linayambira ku MIT mu 1984, seva ya X imakhala pa kompyuta imene munthu wakhalapo. Ndiyo imayang'anira sikirini, kiyibodi ndi mausi, n'kumatumikira mapulogalamu akutali amene akupempha malo ojambulapo. Choncho kalaputopu kakang'ono kamakhala seva, pamene pulogalamu ya pa makina aakulu imakhala yopempha. Pa malaputopu a ophunzira aja panalibe seva ya X, n'chifukwa chake zithunzi zinasoŵa kofikira.

Cholakwa cha womasulira n'chakuti anatchula chinthu potsata maonekedwe ake mmalo motsata ntchito yake. Ukulu wa makina si umene umapanga seva. Chimene chimaipanga ndi utumiki. Ine ndikuona kuti tingobwereka liwu loti "seva", limene akatswiri athu amaligwiritsa ntchito kale, n'kulifotokoza kamodzi kuti ndi pulogalamu yotumikira mapulogalamu ena. Inzake ija titha kuitcha "yopempha". Ndipo pamene pali maseva aŵiri, mlembi atchule dzina la iliyonse.

Kwa akonzi ndi aphunzitsi, pempho langa ndi ili: musanavomereze liwu latsopano la zaumisiri, womasulira akhale kaye pambali pa katswiri n'kuona ntchitoyo ikuchitika. Mtanthauziramawu amapereka tanthauzo lodziŵika, koma sauza munthu kuti ndi makina ati amene ayenera kukakonza.