Filimu ya Pumzi: mtengo umodzi m'dziko louma

Pumzi ndi filimu ya mphindi pafupifupi 21 imene anakonza Wanuri Kahiu wa ku Kenya mu 2009. Inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America mu 2010. Dzinali ndi la Chiswahili ndipo limatanthauza mpweya umene munthu amapuma.

Nkhani yake ndi yopeka. Papita zaka 35 chithereni nkhondo yachitatu ya dziko lonse, yolimbirana madzi. Kunja konse kwasanduka chipululu, ndipo otsala akukhala m'mudzi wotsekeredwa wotchedwa Maitu. Thukuta ndi mkodzo amazisefa kuti amwenso, magetsi amapanga popalasa makina, ndipo wolota maloto amauzidwa kumwa mankhwala oletsa kulota. Asha, yemwe amasamalira nyumba yosungiramo zakale, akulandira dothi lochokera kunja. Ataikamo mbewu, mbewuyo ikumera. Akuluakulu akumukaniza kutuluka, koma iye akuthawa kukafuna malo oti aibzale.

Ubwino woyamba wa filimuyi ndi wakuti mawu ndi ochepa kwambiri. Zithunzi ndi nkhope ya Kudzani Moswela, yemwe akusewera ngati Asha, ndizo zikufotokoza nkhani. Kwa mphunzitsi wa ku Mongue amene amaphunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, uwu ndi mwayi. Ana angathe kuonera, kufotokoza zimene aona m'chinenero cha kwawo, kenaka kulemba ziganizo zingapo m'Chipwitikizi. Mwana amene amaopa kuyankha m'Chipwitikizi amamasuka akayamba wamanga maganizo ake m'chinenero chimene anayamwira.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti vuto lake si lachilendo kuno. Nyanja ya Chilwa inaphwa kwambiri mu 2018, ndipo namondwe Freddy anasakaza Zambezia ndi kummwera kwa Malawi mu Marichi 2023. Ana a ku Milange amadziwa kutalika kwa njira ya ku mjigo ndi mmene makala amathera mitengo. Komanso akuona mkazi wa mu Africa ali katswiri wa sayansi, zimene siziwoneka kawirikawiri m'mafilimu otere.

Zofooka ziliponso. Mauthenga ochepa amene alimo, omwe anthu amatumizirana pa makina, ali m'Chingerezi. Mphunzitsi ayenera kuyamba waonera yekha ndi kuwamasulira, apo ayi ana sadzamvetsa chifukwa chimene akuluakulu akukanizira Asha. Filimuyi siinenanso bwino za anthu ena a m'mudzimo. Woonera sadziwa ngati ali ndi mabanja, ndiponso samva chimene atsogoleri akuopa. Iwo angooneka ngati ankhanza basi.

Chofooka chachikulu ndi mathero. Asha akubzala kamtengo kake mumchenga, akuthirira ndi madzi ake otsiriza pamodzi ndi thukuta, nagona pansi kukatchingira dzuwa ndi thupi lake. Kenaka mtengo ukukula. Chithunzichi n'chogwira mtima, koma chingasokeretse ana poganiza kuti dziko limapulumutsidwa ndi munthu mmodzi wodzipereka mpaka imfa. Aliyense amene anasamalirapo mbande pasukulu amadziwa kuti mtengo umafuna nthaka yabwino, mpanda woteteza ku mbuzi, ndi anthu osinthana kuthirira m'chilimwe chonse. Mutu umodzi susenza denga. Ngakhale m'filimumo, Asha sakanatuluka popanda mayi woyeretsa m'zimbudzi amene iye anamugawirako madzi, koma mayiyo wangopatsidwa kanthawi kochepa.

Filimuyi ndi yoyenera ana a makalasi a pamwamba a pulayimale, koma isangoonetsedwa n'kusiyira pomwepo. Phindu lake lili pa zokambirana. Mphunzitsi afunse m'Chinyanja kuti: kodi Asha akanapita ndi anzake khumi, chikanasintha n'chiyani? Ana akatsutsana mokwanira, gulu lililonse lilembe mathero akeake m'zinenero zonse ziwiri, n'kuwerengera anzawo.