Nyimbo Yobwereka ndi Nyimbo Yopeka: Mlandu wa Oimba Ska

Pakati pa mabandi ang'onoang'ono oimba ska pali mkangano umene suzirala: kodi nkwabwino kuimba nyimbo za ena zimene anthu azidziwa kale, kapena kupeka zaozao? Mwini nyumba ya dansi afuna zodziwika, pakuti ndizo ziitana anthu. Mnyamata woomba lipenga afuna zake, pakuti ndizo zimpatsa dzina. Mlandu uwu uweruzika bwino poyang'ana mbiri ya maimbidwe omwewo.

Maimbidwe a ska anabadwira mu mzinda wa Kingston, ku Jamaica, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo anakula pamodzi ndi ufulu wa dzikolo umene unadza mu 1962. Poyamba oimba ake ankatsanzira nyimbo za anthu akuda a ku America. Koma potsanzirapo anasuntha kagundidwe, kotero kuti gitala ndi malipenga zinkagunda pakati pa phazi ndi phazi, pamene khutu silinali kuyembekeza. Kusuntha kumeneko ndiko kunabala chinthu chatsopano.

Tsono kubwereka pakokha si mlandu ayi. Nyimbo ya My Boy Lollipop, imene Millie Small anabukitsa nayo ska ku Britain mu 1964, inali itaimbidwa kale ku America ndi Barbie Gaye mu 1956. Nalo gulu la The Skatalites, lokhazikitsidwa mu 1964, linatenga nyimbo ya mu filimu ya The Guns of Navarone ndi kuisula mwatsopano, mpaka nyimbo ya nkhondo inasanduka ya gule. Komatu gulu lomwelo linali ndi Don Drummond, wophunzira ku Alpha Boys School, sukulu ya masisitere, amene anapeka zakezake monga Man in the Street. Anthu awa ankabwereka monga mmisiri abwereka chitsulo kuti asule khasu lake.

Umboni woposa uchokera ku Coventry, mzinda wa mafakitale ku England. Kumeneko gulu la The Specials linatchuka mu 1979 ndi A Message to You Rudy, nyimbo ya Dandy Livingstone ya mu 1967. Anaiimba mwaluso, ndipo achinyamata oyera ndi akuda anavinira pamodzi. Koma pamene ntchito zinasowa ndi nyumba za dansi zinali kutsekedwa, panalibe nyimbo ya ku Kingston yokhoza kunena za Coventry. Pamenepo Jerry Dammers anapeka Ghost Town, imene inakhala patsogolo pa nyimbo zonse za ku Britain masabata atatu mu 1981, nthawi imene m'mizinda yambiri munabuka zipolowe. Yobwereka ija inawatsegulira khomo. Yopeka iyi ndiyo inanena chimene anthu a kwao anali nacho kukhosi.

Chiweruzo chake ndi ichi. Bandi yokana nyimbo za ena ikana mphunzitsi, ndipo kawirikawiri zopeka zake zikhala zosapsa. Koma bandi yongobwereza mawu ndi malipenga monga zimvekera pa mbale ya galamafoni ilibe chifukwa chokhalira, popeza mbaleyo iimba bwino kuposa iyo. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Funso loyenera kufunsa nyimbo iliyonse ndi lakuti: kodi woimbayu waikamo chiyani chimene munalibe?

Funso lomweli lidikira mphunzitsi m'kalasi. Mwana wolemba chimangirizo ayamba ndi kubwereza nthano za Kalulu zimene anamva kwa agogo ake, ndipo nkoyenera kutero, pakuti m'menemo aphunzira kuyala nkhani. Koma mphunzitsi wopatsa malikisi ambiri kwa wobwereza bwino, nachepsa wolemba mopunduka za dambo la kwao ndi njala ya chaka chatha, alera ana odziwa kuimba za eni okhaokha. Tsiku limene mudzi wao udzasowa wounenera, anawo adzakhala chete.