"Mavoti ambiri" ndi angati? Za Chichewa chophunzitsira anthu za chisankho

Mu Ogasiti 2025, kutatsala masabata ochepa kuti tiponye voti pa 16 Seputembala, ndinali kwathu ku Ntcheu patchuthi. Ndinalowa m'kagulu ka achinyamata ongodzipereka amene ankayenda m'midzi kuphunzitsa anthu za chisankho. Malipiro kunalibe, kupatula kandalama ka kabaza masiku ena. Tinali ndi timapepala ta m'Chichewa, ndipo poti ine ndikuchita digiri yachiwiri ya zachiyankhulo, anzanga anangoti, "Iwe ndiye uziyankhula, si ndiwe wa kuyunivesite?"

Tsiku lachiwiri, pabwalo la amfumu, ndinanena molimba mtima kuti pampando wa pulezidenti wopambana ndi amene wapeza mavoti ambiri, kutanthauza 50+1. Agogo ena aakazi anakweza dzanja. "Mdzukulu wanga, ambiriwo ndi angati? Akapikisana anthu khumi, wina n'kuposa anzake onse, si ambiri amenewo?" Ndinayankha kuti ayi agogo, ayenera kufika 51 pa 100 aliwonse. Anavomera ndi mutu, msonkhano n'kupitirira. Usiku ndili gone m'pamene ndinazindikira kuti ndanamiza mudzi wonse.

Cholakwa chinali changa, sindikukana. Koma nditawerenganso timapepala tija, ndi kumvetsera mauthenga a chisankho pawailesi masiku otsatira, ndinaona kuti dzenje limene ndinagweramo linakumbidwa kale. Chichewa cholembedwa chophunzitsira anthu za chisankho chimayenda bwino pofotokoza zochita ndi manja. Chikafika pa mfundo zovuta chimangobwereka nambala kapena liwu, ntchito yeniyeni yomasulira n'kumusiyira munthu wongodzipereka uja, amene waima pamaso pa anthu wopanda womuthandiza. Ndipereka zitsanzo zitatu.

Choyamba ndi liwu lomwe lija la "ambiri". Tsinde la -mbiri limangonena za kuchuluka, silifanizira. Chichewa chikafuna kufanizira chimaitana mneni: kuposa, kupambana, kupitirira. Choncho pali zinthu zitatu zosiyana. "Mavoti ambiri" ndi mavoti ochuluka basi. "Mavoti ambiri kuposa wina aliyense" ndi a munthu amene watsogola, ngakhale atatsogola ndi pang'ono. "Mavoti opitirira theka la mavoti onse" ndi a munthu amene yekha waposa anzake onse ataphatikizana. Tikadula chiganizo n'kusiya "ambiri" yekha, womvera amasankha tanthauzo limene analizolowera, ndipo limene Amalawi analizolowera kuyambira 1994 ndi lachiwirilo.

Tisafulumire kunena kuti Chichewa n'chosauka, chifukwa Chingerezi nachonso chinapunthwa pamalo omwewa. Gawo 80(2) la malamulo oyendetsera dziko lino linagwiritsa ntchito liwu loti majority. Chisankho cha 1999 chitatha, a Gwanda Chakuamba ndi anzawo anapita kukhoti, ndipo khoti lalikulu la apilo linatanthauzira liwuli kuti ndi kuposa wina aliyense. N'chifukwa chake mu 2014 a Peter Mutharika analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100. Pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu amene anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 anati liwu lomwelo likutanthauza kupitirira theka, ndipo khoti la apilo linavomereza mu Meyi chaka chomwecho. Tsono taonani: liwu limene linatengera majaji zaka makumi awiri kuti agwirizane tanthauzo lake, ife timalipereka kwa wachinyamata wa Fomu 4 kuti alimasulire mu mphindi ziwiri pansi pa mtengo.

Nanga 50+1? Ameneyu ndiye wosokoneza kwambiri, chifukwa amaoneka ngati samu ya Sitandade 1. Aliyense amene anapitako kusukulu akaona 50+1 amati 51, ndipo sanalakwe. Vuto n'lakuti manambala awiriwa sakuwerenga chinthu chimodzi. 50 akunena za magawo pa 100, pomwe 1 akunena za voti imodzi, ya munthu mmodzi. Pa mavoti 1,000, theka ndi 500, ndiye wopeza 501 wadutsa. Koma 51 pa 100 ndi 510. Pamudzi kusiyanako ndi kwa anthu asanu ndi anayi okha, koma tiyerekeze kuti mavoti ndi 5 miliyoni: gawo limodzi pa 100 ndi anthu 50,000. Tangoganizani munthu amene ndinamuphunzitsa ine atamva pawailesi kuti wina wapambana ndi 50.4. Akanati abera, ndipo akanakhala ndi umboni: anatiuza ndi wa kuyunivesite. Zinangochitika mwamwayi kuti mu 2020 ndi mu 2025 wopambana anadutsa patali.

Chinanso chimene timapepala tathu sitinatsindike n'chakuti lamulo la kupitirira thekali ndi la pulezidenti yekha. Phungu ndi khansala amapambanabe pongoposa anzawo. Ndiye kuti pachisankho cha patatu, munthu mmodzi, tsiku limodzi, akuponya mapepala atatu pansi pa matanthauzo awiri a "ambiri". Agogo aja funso lawo linali lolondola pa mapepala awiri mwa atatuwo.

Amene anatipulumutsa ndi mnzathu wina wa m'gulu lomwelo, mayi wogulitsa tomato pamsika. Iye anatola timiyala 20, n'kugawa milu iwiri ya khumikhumi, kenaka n'kuchotsa kamodzi mulu uwu kuika mulu uwo. Anati, "Mwaona? Theka, ndi banyira wa voti imodzi." Anthu anaseka, koma anamva. Monga wophunzira chiyankhulo ndikhoza kupezapo chilema: banyira ndi chifundo cha wogulitsa, akafuna sapereka, pomwe voti imodziyi ndi yokakamiza. Komabe fanizo lake linachita chimene 50+1 amalephera, linalekanitsa theka ndi kowonjezerako, n'kuonetsa kuti kowonjezerako n'kakang'ono.

Chitsanzo chachiwiri ndi "ufulu". Palibe uthenga wa chisankho umene umatha osanena kuti kuvota ndi ufulu wanu. Harri Englund, m'buku lake la mu 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, anafufuza ntchito yophunzitsa anthu za ufulu ndi demokalase m'Malawi muno, kuphatikizapo ya bungwe la NICE, limene linayamba mu 1999. Mfundo yake ina inali yakuti kumasulira rights kuti ufulu kunakokera nkhani yonse ku kumasuka kwa munthu payekha, n'kuphimba mbali ya zinthu zimene munthu ayenera kulandira ndipo akhoza kuzifunsa kwa olamula. Ndikugwirizana naye, ndipo ndinaziona. Ukati kuvota ndi ufulu wanu, wina amayankha kuti kusavotanso ndi ufulu wanga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndikufuna ndiwonjezerepo tanthauzo lina la liwuli limene timaliiwala m'kalasi koma kumudzi lili moyo. Ufulu ndi khalidwe la mfulu, munthu amene si kapolo. Koma munthu waufulu ndi munthunso wopatsa, wosaumira. Kutchalitchi timamva za chopereka chaufulu. Tsono ikani matanthauzo awiriwa m'nyengo ya kampeni. Ife tikubwera wapansi, manja lende, kudzanena za ufulu. Mawa lake kukubwera wopikisana pagalimoto, wanyamula nsalu, shuga ndi ndalama, ndipo anthu akuti bwana ameneyu ndi waufulu. Mwa awiriwa, ndani amene ufulu wake ukuoneka ndi maso?

Lamulo la zipani la mu 2018 limaletsa opikisana kugawa zinthu pofuna kukopa ovota. Ife pofotokoza tinkati, musalandire mphatso kwa andale. Bambo wina anatiyankha mwaulemu kuti, "Ana anga, kuno mphatso sitikana, n'chipongwe." Ndipo ananena zoona. Liwu la mphatso linabwera ndi mwambo wake wonse: wopereka ndi wabwino, wolandira amathokoza ndi manja awiri, wokana ndi wamwano. Tinali titagonja tisanayambe n'komwe. Titasintha n'kunena kuti chiphuphu, anthu anakhumudwa, chifukwa tinaoneka ngati tikuwatcha akuba. Liwu limene linagwira ntchito linachokera kwa anthu omwewo: nyambo. Nyambo imadyedwa ndithu, ndipo ndi yokoma, koma aliyense amadziwa chimene chili mkati mwake. Silinyoza wolandira, limangomuchenjeza.

Chitsanzo chachitatu n'chachifupi koma chimandiseketsa mpaka lero. Msonkhano uliwonse tinkayamba ndi kudziyeretsa: ife si andale, ndipo sititenga mbali. Patapita mphindi zisanu tinkati, tikukulimbikitsani kutenga nawo mbali pa ndale za dziko lanu. Mwamva? "Kutenga nawo mbali" tinachita kukopera ku Chingerezi, ndipo kwakhazikika m'manyuzipepala ndi pawailesi moti sitikuonanso msoko wake. Koma "kutenga mbali" ndi kukondera, kuima ndi uyu pokangana ndi uyo. Kasiyanitsidwe konse kagona pa "nawo", kaliwu kamene pamsonkhano wapanja kamapita ndi mphepo. Ndiye pali liwu la ndale lenilenilo. Pascal Kishindo analemba mu 2000 za mmene mawu andale a m'Chichewa akhala akusinthira, ndipo aliyense amene anagwetsanapo ndi mnzake ali mwana akudziwa kutchera ndale, kupinga mwendo kuti wina agwe. Mpaka lero munthu akati "zimenezo n'zandale" akutanthauza kuti n'zabodza. Choncho chiganizo chathu chija, m'makutu a munthu amene sanachizolowere, chikumuitana kuti akondere pa masewera ogwetsana. Mnzathu wa tomato uja sankanena zimenezo. Ankangoti, "Pitani mukasankhe nokha, asakusankhireni ena."

Ndisakhale ngati wongonyoza. Pali zambiri zimene timapepala tija tinachita bwino. Malangizo a zochita pamalo oponyera voti anali omveka: ziganizo zazifupi, mneni patsogolo, chithunzi pambali. Chongani m'kabokosi kamodzi kokha. Pindani pepala. Ponyani m'bokosi. Mawu obwereka monga voti, kampeni ndi khansala sanavutitse munthu, ndipo sindikuona chifukwa chowathamangitsira. Amene amafuna kuti liwu lililonse lobwereka lipezeredwe la Chichewa chenicheni akulimbana ndi mdani wolakwika. Voti aliyense amaidziwa. Mawu amene anatipweteka ndi a Chichewa chathu chomwe, ambiri, ufulu, mphatso, mbali, amene timaganiza kuti poti ndi athu ndiye kuti akumveka. Liwu lachilendo munthu amafunsa tanthauzo lake. Liwu lozolowereka safunsa, amangoika tanthauzo limene ali nalo kale.

Zikuoneka kuti zolembedwa zambiri zamtunduwu zimayamba kuganizidwa m'Chingerezi, Chichewa n'kubwera pambuyo ngati chovala. Womasulira amayesedwa pa kukhulupirika kwake ku chiganizo cha Chingerezi, pomwe woyenera kumuyesa ndi agogo aja. Ndipo maphunziro amene ongodzipereka amalandira, ngati athu aja, amathera pa zoti tinene. Za mmene anthu akazimvere, aliyense amakaonera yekha kumudzi.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, apa pali ntchito imene sikufuna ndalama zambiri. Kapepala kasanasindikizidwe, kawerengedwe kwa anthu asanu kapena khumi amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo iwo abwereze m'mawu awoawo zimene amva. Pamene abwereza zosiyana ndi zimene timafuna, pamenepo ndiye pali dzenje. Chachiwiri, titolere mawu ndi mafanizo amene ongodzipereka apeza okha. Banyira ndi nyambo sizinachokere m'buku, ndipo ndikukhulupirira kuti ku Mangochi, ku Nsanje ndi ku Rumphi kuli ena otero m'Chiyao, m'Chisena ndi m'Chitumbuka amene amatha ndi kampeni, osalembedwa paliponse. Tili ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira 1996, tilinso ndi ophunzira ambirimbiri amene chaka chilichonse amasowa mutu wa kafukufuku. Tisadikire 2030 kuti tidzayambe kuthamanga kutatsala mwezi umodzi.

Agogo aja ndinawabwerera Lachisanu la sabata yomweyo. Ndinawapeza kudimba, ndipo ndinapepesa kuti ndinawauza zolakwika. Ndinatola timiyala 20 n'kuchita monga anachitira mnzanga. Anayang'ana milu iwiri ija, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Nanga zophweka chonchi, bwanji simunanene choncho tsiku lija?" Ndinalibe yankho. Anthu ena onse amene anali pabwalo paja sindinathe kuwapeza mmodzimmodzi, ndipo mwina ena mpaka lero akudziwa kuti ndi 51.

Ngati munagwirako ntchito imeneyi kwanuko, ndiuzeni: 50+1 munkamufotokoza bwanji, ndipo anthu ankakufunsani zotani?