KAMPENI KA MMISIRI NDI CITHUNZI CA KU DRESDEN

Munthu akalowa m'nyumba yosungiramo zithunzi za amisiri akale, naziona zitapacikidwa bwino-bwino pa zipupa, ayesa kuti zinacoka m'manja mwa eni ace ziri cotero. Koma si tero ai. Kuseri kwa zipinda zoonetseramo kuli zipinda zina, m'mene akatswiri afufuza ndi kukonza zithunzizo, ndipo cimene iwo apangana ndico cimene maso a alendo adzaona. Nkhani ya cithunzi cina ca mu mzinda wa Dresden, ku Germany, isonyeza kukula kwa mphamvu imeneyi, ndi kuopsa kwace komwe.

Cithunzico anacijambula ndi utoto Johannes Vermeer, mmisiri wa ku Delft m'dziko la Holland, capakati pa zaka za 1657 ndi 1659. Cionetsa mtsikana ataima pa zenera lotsegula, alikuwerenga kalata. Nkhope yace ioneka cizime-zime m'galasi la zeneralo, ndipo pa tebulo loyalidwa nsaru yocindikala pali mbale ya zipatso yopendekeka. Kumbuyo kwa mtsikanayo kunali cipupa copanda kanthu. Cithunzici cinafika ku Dresden m'caka ca 1742, ndipo mibadwo yambiri inacikonda cifukwa ca cipupa comweco, pakuti pamenepo panali zii, ndipo yense anali kudziganizira yekha mau a m'kalatamo.

M'caka ca 1979 anaciunika ndi makina a X-ray, onga aja aunikira mafupa a odwala, napeza kuti pansi pa utoto wa cipupa pali kamnyamata ka uta, dzina lace Cupid, kamene Aroma akale anakayesa mulungu wa cikondi. Akatswiri a masikuwo anati Vermeer mwini wace ndiye anakaphimba, ndipo mabuku ananena cotero zaka pafupi-fupi makumi anai.  M'caka ca 2017, poyamba kucitsuka, anatapako tizibenthu ta utoto, naona kuti pakati pa utoto wapansi ndi wapamwamba pagona litsiro ndi vanishi wakale. Litsiro lotere siliunjikana mwezi umodzi. Panapita zaka makumi angapo kamnyamatako kasanaphimbidwe, ndipo Vermeer anamwalira m'caka ca 1675. Cotero dzanja lophimbalo linali la munthu wina.

Popeza mutu umodzi susenza denga, anasonkhanitsa akatswiri a maiko osiyana, ndipo iwo anabvomerezana kucotsa utoto wacilendowo. Mmisiri wokonza zithunzi, Christoph Schölzel, anapala pang'ono-pang'ono ndi kampeni, maso ali pa galasi lokulitsa zinthu, kufikira caka ca 2021. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mu September caka comweco anatsegula cionetsero cacikuru, cithunzici ciri pakati, pamodzi ndi zina zisanu ndi zinai za Vermeer, zambiri mwa izo zobwereka kwina.

Pali ziwiri zoyenera kuyamika. Coyamba, eni nyumbayo sanagwire nchito mobisa: m'caka ca 2019 anaonetsa cithunzico kamnyamata katabvundukuka theka lokha, kuti anthu adzionere okha. Caciwiri, zithunzi zobwereka sanazitenge cisawawa. Cina ca ku London, ca mkazi ataima pa limba, ciri ndi Cupid yemweyo pa cipupa. Motero mlendo anatha kulinganiza ziwirizi, nazindikira kuti kamnyamatako si kacilendo m'nchito za Vermeer. Apa kufufuza ndiko kunasankha zithunzi zoitana ndi malo ozipacika.

Komabe iwo amene adandaula asayesedwe opusa. Cipupa cija capita, ndipo kalata imene inali cinsinsi tsopano yadziwika kuti nja cikondi, pakuti Cupid aima pamwamba pa mtsikanayo, alikuponda cigoba cobisa nkhope, ndico cizindikiro ca cikondi copanda cinyengo. Cipinda coyamba cinali cete. Ca lero cilankhula. Ngakhale ziri cotero, mlandu ukomera okonzawo. Cipupaco cinali cokoma ndithu, koma sicinali ca Vermeer, ndipo nyumba imene ilemba dzina la munthu pansi pa cithunzi iyenera kuonetsa cimene munthuyo anapanga, si cimene alendo anazolowera.

Coopsa ciri pena. Akatswiri a 1979 analakwa, koma kulakwa kwao kunali kwa pakamwa ndi pa pepala, ndipo kunakonzeka. Kampeni kakalakwa palibe wobweza. Madzi akatayika saoleka. Ndiponso akatswiri samvana masiku onse. M'caka ca 2022 a nyumba ya zithunzi ya ku Washington, atafufuza, anati cithunzi cao ca mtsikana wa citoliro si ca Vermeer. Caka cotsatira a Rijksmuseum ku Amsterdam anacibwereka, nacipacika pakati pa zithunzi 28 monga ca Vermeer weni-weni. Utoto ndi womwewo, lasintha ndi dzina lolembedwa pa cipupa.

Cifukwa cace cionetsero cabwino sicibisa njira imene cadzera. Pambali pa cithunzi cokonzedwa payenera kukhala cifaniziro ca maonekedwe ace akale, ndi umboni umene unalimbitsa dzanja la wokonza, wolembedwa m'mau omveka kwa munthu wamba. Ndipo pamene akatswiri atsutsana, mlendo auzidwe. Zithunzizi si za akatswiri okha ai. Iwo ndiwo akapitao osungira cuma ca anthu onse, ndipo kapitao wokhulupirika saopa kuonetsa mabuku ace.