Maanga a Nkhanga pa Citenje

Munthu woyang'ana zitenje zimene akazi a ku Pembamoyo ayanika pa udzu atacapa, msanga adzaona kuti si zonse zinalembedwa mwa nzeru. Ziripo za nsomba zazikuru ndi mbalame zotambasula mapiko. Izi zikongola ziri copacika m'sitolo ku Chipata. Koma telala akadula deresi, mutu wa nsomba upita ku dzanja, mcira ku msana. Mai akaberekera mwana, mbalame iima cadodolido.

Nsaru ya maanga a nkhanga iposa zonsezi, pakuti iribe kumwamba kapena kunsi. Wolemba wace anamwaza timadontho kotero kuti diso silipeza pamene cidindo cinathera ndi pamene cinayambanso, ndipo apa ndipo pagona luso la nchitoyi. Ikhala duku, mbereko, ngakhale coyala pa tebulo.

A Vlisco a ku Holland, amene anayamba mu 1846, ndiwo akatswiri, zoonadi. Koma wolemba wa ku Chadiza asasirire maluwa a kutali. M'munda mwace muli tsamba la nshawa, la timasamba tinai, tiwiri uku tiwiri uku, limene lingabwerezedwe pa nsaru yonse osaoneka msoko.