Hokala si munthu, boma si chidule

Mayi wa ku Chinamwali akatuma mwana kuti "thamangira pa hokala ukagule machesi", mwanayo sapita kukafuna munthu. Amapita pa kanyumba kogulitsiramo zinthu, kaja ka zenera la waya. Chonsecho pa Chingerezi "hawker" ndi munthu woyendayenda ndi malonda, yemwe ife timati venda. Mawu tinatenga, koma tanthauzo tinapanga lathu.

Chomwe chimandinyansa n'chizolowezi cha anthu ophunzira, ena mwa iwo ophunzira zilankhulo kumene, chothamangira dikishonale ya Chingerezi akamva mawu otere, n'kugamula kuti Amalawi "timalakwitsa". Kulakwitsa chiyani? Mayi uja salankhula Chingerezi. Akulankhula Chichewa, ndipo m'Chichewa hokala ndi malo. Basi.

Taonani sitima. Mawuwa anachokera ku "steamer", chombo choyendera nthunzi, ngati Ilala yoyamba ija imene amishoni a Livingstonia anafika nayo pa nyanja yathu mu 1875. Njanji itabwera, dzina lomwelo linakwera kumtunda, mpaka lero timasiyanitsa sitima yapamadzi ndi yapamtunda. Palibe amene amati agogo athu analakwitsa, chifukwa mawuwo akalamba ndipo tinawazolowera. Nanga geni walakwanji? Mngerezi akati "gain" amanena phindu, koma mayi wogulitsa mandasi pa depoti ali pa geni ngakhale tsiku limene waluza. Siteji ndi pokwerera minibasi. Munthu akati ali ndi shuga, pitani naye kuchipatala, musamupatse kapu ya tiyi. Ndipo wina akakupemphani "ya fanta", ludzu lake si lapakhosi ayi.

Matenda omwewa ali ndi nkhope ina, yoipirapo. Mukakwera phiri kupita ku Ku Chawe kapena ku Emperor's View, simuchedwa kumva wina akuuza alendo monyadira kuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Nkhaniyi imakoma, makamaka mu tauni muno momwe Harry Johnston anakhazikitsa likulu la atsamunda mu 1891, likulu lomwe linakhala kuno mpaka 1975. Koma ndi yabodza. Boma ndi mawu akale a Chiswahili otanthauza linga kapena mpanda, ndipo analipo ulamuliro wa Angerezi usanafike kuno. Maofesi a atsamunda ankakhala m'malinga, dzina la mpanda n'kusanduka dzina la olamulira. Angerezi ndiwo anabwereka kwa anthu a kuno ku Africa. Ife n'kumawapatsa mawuwo ngati awo, ati chifukwa chinthu cholemekezeka sichingachokere kwina koma ku London!

Sindikunena kuti kusiyana kwa matanthauzoku kulibe vuto. Mwana wa Fomu 4 akalemba "hawker" m'chimangirizo cha Chingerezi cha MSCE akutanthauza kagolosale, wochonga amudula malikisi, ndipo sanamulakwire. Koma mphunzitsi amene amangomuuza kuti "zimenezo n'zolakwa" wamuphunzitsa theka lokha. Mwanayo abwerera kunyumba, amva mayi ake akunena mawu omwewo, ndipo aganiza kuti mayi ake ndi mbuli. Chofunika n'kumuuza kuti mawuwo ndi awiri, ena a Chingerezi, ena a Chichewa, ofanana nkhope ngati munthu ndi msuweni wake.

Ntchito yolemba matanthauzo athuwa ili ndi eni ake pompano pa Zomba. A Centre for Language Studies, omwe analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Nthawi imeneyo foni yam'manja inali ya mabwana owerengeka. Lero mwana aliyense amadziwa kufulasha, kugula mayunitsi ndi kutchaja, komwe kumatanthauza kudzaza batire komanso kutchula mtengo. Inu ophunzira amene mukusowa mutu wa kafukufuku, tengani kope, mukakhale pa siteji ya minibasi za ku Limbe kuyambira m'mawa mpaka masana, muzilemba mawu a makondakitala pamodzi ndi ziganizo zimene awanenamo.